Kiyi Mmodzi Sakwanira: Dulitsani Wina Uyo Asanasowe

NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO

WOWULUTSA: Ndiyambe ndi pempho. Ngati muli ndi njinga yamoto, yanuyanu kapena ya abwana, pisani m'thumba mutulutse kiyi wake. Mwamugwira? Tsopano dzifunseni kuti mnzake ali kuti. Ngati yankho ndi lakuti kulibe, kapena lakuti simukudziwa, khalani nafe mpaka kumapeto, chifukwa nkhani ya lero ndi yanu.

Chaka china, dzinja lili pakati, mlamu wanga amene amayendetsa kabaza anaimika njinga pamsika wa Lunzu n'kulowa kukagula ndiwo za kunyumba. Mvula inali itangokata, matope ali ponseponse. Pobwerera anapisa m'thumba, chala n'kutulukira pachibowo cha pansi. Kiyi wapita. Anzake anamuthandiza kufukula matope ndi timitengo mpaka dzuwa kulowa, koma osamupeza. Mwayi wake sanakhome chiwongolero, choncho anakankha njinga mpaka kwawo. Usiku anandiimbira foni mawu akunjenjemera, amvekere, "Alamu, abwana ndikawauza chiyani?"

Kiyi wachiwiri analipo tsiku logula njingayo, koma abwanawo sankakumbukiranso kumene anamuika. Njinga inakhala pakhonde masiku atatu. Anagula swichi yatsopano, chitsekerero cha thanki chinachita kuphwanyidwa, ndipo tageti ya masiku atatuwo inasanduka ngongole. Mavuto onsewo chifukwa cha kachitsulo kosafika n'kutalika kwa chala chomwe. Ndiye lero tikambirana za kudulitsa kiyi wapadera, za makiyi okhala ndi kachipu m'mutu, ndi zoyenera kuchita makiyi onse akasowa.

KANYIMBO KAKAFUPI

WOWULUTSA: Tiyambe ndi kiyi wamba, amene ali panjinga zambiri za kabaza monga Lifan, Kinglion, Bajaj Boxer ndi TVS. M'kati mwa loko muli tizitsulo tophwatalala tondondozana, kalikonse kakukankhidwa ndi kasipuling'i kake. Kiyi akakhala kuti sanalowe, tizitsuloti timatulukira m'mbali n'kugwira loko kuti asazungulire. Kiyi woyenera akalowa, mano ake amakankha kachitsulo kalikonse mpaka pamlingo wake. Tonse tikafanana, loko amamasuka. Kamodzi kokha kakatsalira, kiyi sazungulira. Ndipo kumbukirani kuti panjinga zambiri kiyi yemweyo ndiye amatsegula swichi, thanki ya petulo, loko wa chiwongolero, ndiponso mpando kapena chivundikiro cha m'mbali. Akasowa, simunatsekeredwe khomo limodzi ayi, koma atatu kapena anayi.

Tsiku lina mukapita m'tauni, kaya ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, mukaime pambali pa mmisiri wodula makiyi, mukaone mmene amagwirira ntchito. Amayamba wayang'ana kiyi wanu m'mbali, kuona timizere tozama toyenda m'litali mwake. Kenako amafufuza pakhoma pomwe wapachika makiyi osadula, mpaka atapeza wa timizere tofanana ndi wanuyo. Makina ake ali ndi zopanira ziwiri. Kumodzi amapana kiyi wanu, kwinako wosadula uja. Makina akalira, kachitsulo kosongoka kamayenda m'mano a kiyi wanu, kukwera ndi kutsika, uku kampeni kozungulira kakusema mnzakeyo motsanzira. Fumbi lachikasu la mkuwa limathothokera patebulo. Pakangotha mphindi zochepa wamaliza, amapala m'mbali ndi burashi ya waya, n'kukupatsani kiyi akadali wofunda.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti makinawo saganiza. Amangotsata chimene apatsidwa. Mukawapatsa kiyi wakutha mano, adzakudulirani wina wakutha mano. Mukadulitsa kuchokera ku kiyi amene nayenso anachita kudulidwa, tizolakwika timawonjezekera, mpaka wachitatu kapena wachinayi amayamba kukana. Choncho nthawi yabwino yodulitsa ndi pamene kiyi wa kufakitale akadali watsopano. Ngati muli nawo awiri, tengani amene sanagwire ntchito kwambiri. Ngati n'kotheka, pitani ndi njinga yomwe, ndipo musanalipire muyese kiyiyo paliponse: paswichi, pathanki, pachiwongolero ndi pampando. Azilowa ndi kuzungulira mosakakamiza. Akamachita kufuna mphamvu, mubwezereni mmisiriyo akonze, chifukwa kiyi wokakamiza ndi amene amadzathyokera m'loko.

Njinga zina zimabwera ndi kachitsulo kapena kapulasitiki kolembedwa manambala, kolendewera pamakiyi. Ambiri amakataya poyesa kuti n'kokongoletsa chabe. Musakataye. Nambala imeneyo ndi imene imauza mmisiri kapena wogulitsa njinga kuzama kwa dzino lililonse, moti atha kudula kiyi watsopano ngakhale wakale palibe. Ilembeni m'buku la kunyumba, kachitsuloko mukasunge pamodzi ndi mapepala a njinga.

Nanga makiyi onse a njinga wamba akasowa? Ngati nambala ija mulibe, njira zilipo ziwiri. Mmisiri waluso atha kumasula loko mmodzi, kuwerenga tizitsulo ta m'kati, n'kusema kiyi wogwirizana nato. Apo ayi, mugule seti yonse, swichi ndi chitsekerero cha thanki ndi maloko ena, kuti mukhalenso ndi kiyi mmodzi wotsegula zonse. Ngati mukukayikira kuti kiyi sanagwe koma wina watola dala, musavutike n'kudulitsa. Sinthani seti yonse tsiku lomwelo, chifukwa amene ali ndi kiyiyo akudziwa pomwe mumaimika.

Chimene ndikukupemphani, achimwene anga a kabaza, n'chakuti musakhomere sikuludiraiva m'swichi, ndipo musalole kuyenda ndi mawaya osendedwa akulendewera. Njinga yotero aliyense atha kuiliza. Mvula ikalowa m'mawayamo imayambitsa shoti. Komanso pa nthawi ino imene kuba njinga zamoto kwachuluka, mukapezeka paroadblock ndi swichi yophwanyika, mudzatuluka thukuta kuti apolisi akhulupirire kuti njingayo ndi yanu.

KANYIMBO KAKAFUPI

WOWULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za makiyi a njinga zamoto. Tsopano tifike pa makiyi okhala ndi kachipu, amene amagwira ntchito ndi chipangizo chotchedwa immobiliser, choletsa injini kulira ngati kiyi si wake.

Chipangizochi chinafala chifukwa cha kubedwa kwa magalimoto ku Ulaya. Mu 1998 mayiko a Germany ndi Britain analamula kuti galimoto iliyonse yatsopano izikhala nacho, ndipo opanga njinga zamoto zikuluzikulu nawo anayamba kuchiika. Kuno kwathu njinga zoterezi zikufika, zina kuchokera ku Japan kudzera padoko la Dar es Salaam, zina kuchokera ku South Africa ndi abale athu obwerera kumudzi. Ambiri amazigula osadziwa kuti kiyi wake ndi wosiyana ndi amene anazolowera.

Kagwiridwe kake ndi aka. M'mutu wapulasitiki wa kiyi muli kachipu kakang'ono ngati njere ya mpunga. Kalibe batire. Pakamwa pa swichi pali mphete ya waya wokulungidwa. Mukatembenuza kiyi, mpheteyo imatulutsa mphamvu yochepa imene imadzutsa kachipu, ndipo kachipuko kamayankha ndi nambala yake yachinsinsi. Nambalayo imapita ku kompyuta ya njinga, imene amakaniko amaitcha ECU. Kompyuta ikaizindikira, imalola moto kupita ku pulagi ndi petulo kupita mu injini. Ikapanda kuizindikira, imakana. Zili ngati kufika pakhomo usiku: kugogoda kokha sikukwanira, mwini nyumba ayenera kuzindikira mawu anu asanachotse mpiringidzo.

Ndiye taganizani munthu amene wagula njinga yotere, n'kupita nayo kwa wodula makiyi wa pamsika. Mano adulidwa bwinobwino. Kiyi walowa, wazungulira, magetsi ayaka, thanki yatseguka. Adina sitata, koma injini osalira. Ayamba kukayikira batire, pulagi, petulo, mpaka amakaniko kuyamba kumasula zinthu zabwinobwino. Chonsecho vuto n'lakuti kiyi watsopanoyo ndi wosalankhula. Ali ndi mano, koma alibe mawu.

Mungadziwe bwanji kuti njinga yanu ili ndi immobiliser? Yang'anani zinthu zitatu. Mutu wa kiyi umakhala wonenepa. Pamene pali mamita pamakhala kanyali kofiira kapena kachizindikiro ka kiyi, kamene kamayaka mukangotembenuza n'kuzima pakapita kanthawi. Ndipo buku la njinga limanena. Ngati mukukayikabe, funsani kwa wogulitsa njinga za mtundu umenewo. Paja safunsa anadya phula.

Kampani iliyonse ili ndi kachitidwe kake, ndipo apa mumvetsere bwino. A Honda chipangizo chawo amachitcha HISS, ndipo malembo anayiwa amaoneka pamamita a njinga monga NC750X ndi Africa Twin. Kompyuta yake imalandira makiyi osapitirira 4. Kuti ilandire watsopano, pamafunika kiyi mmodzi amene ikumudziwa kale, woti atsegule njira. Popita kukalembetsa mutenge makiyi onse amene muli nawo, chifukwa amene watsala kunyumba kompyuta imamuiwala. Zimenezi zili ndi ubwino wake: ngati kiyi wina wabedwa, mukalembetsanso otsalawo, wobedwa uja salizanso njinga.

A Yamaha amapereka makiyi atatu panjinga monga MT-07 ndi R1: awiri akuda, mmodzi wofiira. Akudawo ndi oyendera tsiku ndi tsiku. Wofiira ndi kholo. Iyeyo ndiye amadziwitsa kompyuta za kiyi wakuda watsopano. Wofiira akasowa, njinga ipitiriza kulira ndi akuda aja, koma njira ya kufakitale yolembetsera wina yatsekeka. Choncho kiyi wofiira si woyenda naye. Ndi wosunga m'nyumba, pamalo ouma. Njinga zakale za Ducati nazonso zinkabwera ndi kiyi wofiira komanso khadi ya manambala, ndipo ma Vespa ambiri ali ndi kiyi wamkulu wabulauni wogwira ntchito yofananayo.

Palinso njinga zina, monga Honda PCX ya masiku ano, zimene kiyi wake salowetsedwa paliponse. Amangokhala m'thumba, njinga n'kumamumva. Ameneyu ali ndi batire laling'ono lozungulira ngati ndalama yachitsulo, ndipo limatha. Amabweranso ndi nambala yolizira njinga pa nthawi ya vuto. Nambala imeneyo isamaleni ngati nambala yachinsinsi ya ku banki.

Kupeza kiyi wapadera wa njinga ya kachipu kuli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kugula kiyi wosadula wokhala ndi kachipu koyenera, kumudulitsa mano, n'kumulembetsa m'kompyuta ya njinga. Yachiwiri ndi kukopera. Mmisiri wokhala ndi makina owerenga tichipu amatenga nambala ya kiyi wanu n'kuilemba m'kachipu katsopano, ndipo kompyuta imaona ngati ndi kiyi yemweyo. Si tichipu tonse timene timakopereka, choncho mmisiri ayambe wayeza musanalipire. Koma onani kuti njira zonse ziwirizi zikufuna chinthu chimodzi: kiyi wamoyo akhale m'manja mwanu.

KANYIMBO KAKAFUPI

WOWULUTSA: Tsoka silinunkha. Tiyerekeze kuti lakugwerani, makiyi onse a njinga ya kachipu asowa. Mutani?

Choyamba, dekhani, ndipo musalole aliyense kudula mawaya kuti alambalale chipangizocho. Chimene chikukana si swichi ayi, ndi kompyuta. Kudula mawaya kungowonjezera matenda ena pamwamba pa amene alipo.

Chachiwiri, sonkhanitsani umboni wakuti njinga ndi yanu: buluu buku yochokera ku Road Traffic, chiphaso chanu cha unzika, kalata kapena lisiti yogulira, ndi nambala ya chesesi. Nambalayi imakhala yodindidwa pakhosi pa njinga, pansi pa chiwongolero, ndipo panjinga zambiri za masiku ano imakhala ya malembo ndi manambala 17. Ngati makiyi abedwa, kanenani kupolisi mutenge lipoti, njingayo muisunge m'nyumba yokhoma. Mmisiri akakufunsani mapepala musaipidwe. Ameneyo ndiye wokhulupirika. Wodula kiyi wosafunsa kanthu, mawa adzadulira wakuba kiyi wa njinga yanu yomweyo.

Chachitatu, dziwani njira zimene zatsala. Njira ya kufakitale ndi yowawa. Mabuku a Honda ndi a Yamaha amachenjeza momveka kuti makiyi onse akasowa, kompyuta iyenera kusinthidwa, ndipo kawirikawiri swichi ndi maloko amasinthidwira pamodzi. Zipangizo zimenezi n'zodula, nthawi zambiri zimachita kuitanitsidwa kunja, njinga n'kumangokhala. Njira ina ndi ya akatswiri amene amatsegula kompyutayo, kuwerenga zimene inasunga, n'kulemba kachipu katsopano kogwirizana nayo. Zimatheka panjinga zambiri, koma osati zonse, ndipo ndi ntchito yofuna manja odziwa. Kompyuta ikapsa m'manja mwa wophunzira, madzi akatayika saoleka. Funsani kaye ngati mmisiriyo anagwirapo njinga ya mtundu wanu. Musagulenso kompyuta yakale kwa ophwasula njinga popanda kiyi wake, chifukwa idzafika ikudziwa kiyi wa mwini wake wakale, osati wanu.

Mukaika njira zonsezi pambali pa mtengo wa kiyi mmodzi wapadera, muona nokha kumene kuli nzeru.

N'chifukwa chake nkhani ya makiyi imayamba tsiku logula njinga. Inu amene mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, kaya muli kuno, kaya ku Johannesburg kapena ku Cape Town kumene abale athu ambiri akudyera panjinga zoperekera katundu, musangomvera kalilidwe ka injini ndi kuona matayala. Funsani kuti makiyi alipo angati. Ngati ndi Yamaha ya kachipu, funsani wofiira. Kiyi aliyense amene mwapatsidwa mulizireni njinga, osati kungomutembenuza. Wogulitsa akati alipo mmodzi yekha, mtengo utsike, chifukwa ntchito yopeza wachiwiri yagwera inu. Ndipo ngati kiyi wa swichi ndi wosiyana ndi wa thanki, funsani chifukwa chake mpaka mukhutire.

KANYIMBO KAKAFUPI

WOWULUTSA: Tisanatseke, tinene za kasamalidwe. Kiyi si chotsegulira botolo, si chomangira sikuluwu. Akapindika n'kumuwongola, chitsulo chimafooka pomwepo. Musamukolowekere mulu wa makiyi a nyumba ndi a kugolosale, chifukwa m'misewu ya mabampu kulemerako kumagwedeza swichi mpaka kuikulitsa kukamwa. Loko akayamba kulimba, musathiremo oilo wakuda wa mu injini, amene amakoka fumbi n'kusanduka phala. Palani kiyi ndi nsonga ya pensulo, mumulowetse ndi kumutulutsa kangapo. Kiyi akathyokera m'kati musamukankhe ndi waya. Sungani chidutswa chimene chatsala m'manja, chifukwa mmisiri akatulutsa chinzakecho atha kudula watsopano pophatikiza ziwirizo.

Kiyi wa kachipu amafuna chisamaliro choposa. Asagwe pasimenti, asachapidwe pamodzi ndi thalauza, asakhale padzuwa loswa mtengo kapena pafupi ndi mbaula. Musamuike pamwamba pa sipika kapena pafupi ndi maginito. Musamuboole mutu kuti mulowetse chingwe. Ndipo makiyi awiri a kachipu asakhale pamphete imodzi, chifukwa onse akayankha nthawi imodzi kompyuta imasokonezeka.

Kiyi wapadera akhale kuti? Osati pansi pa mpando wa njinga, chifukwa mpandowo umatsegulidwa ndi kiyi yemwe wasowayo. Osatinso m'thumba limodzi ndi woyamba. Akhale kunyumba, pamalo amodzi osasinthasintha, odziwika kwa inu ndi munthu wina mmodzi amene mumamukhulupirira. Ndipo inu mabwana eni njinga, mnyamata wanu akamanyamuka m'mawa ndi kiyi mmodzi, winayo ali m'manja mwanu. Dziwani pomwe ali. Njinga ikaima, mphika wa kwanu ndi wa kwa mnyamatayo yonse imazizira limodzi.

Mlamu wanga uja, ataika swichi yatsopano, anapita tsiku lomwelo kukadulitsa kiyi wina. Anam'patsa mkazi wake, mlongo wanga, amene anamumanga kansalu kofiira n'kumuika m'chitini momwe amasungira makadi a ana a kusikelo. Patapita miyezi ingapo, kiyi wa m'thumba anathyokera pathanki m'mawa kukucha. Mlongo wanga anangolowa kuchipinda, kutsegula chitini, n'kutuluka naye. Tiyi asanazizire, mlamu wanga anali atafika kale pasiteji.

Kiyi amene ndinakupemphani kuti mumugwire poyamba paja, akadali m'manja mwanu. Lero akutha kubala mnzake pamtengo wochepa. Tsiku limene adzasowe, mwayi umenewo udzapita naye. Sabata ino isathe musanapite kwa wodula makiyi. Mukauzenso anzanu a pasiteji amene sanamve pulogalamuyi.

Muyende bwino pamsewu, chipewa chikhale kumutu, ndipo tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

NYIMBO YOTSEKERA IKWERE MPAKA KUMAPETO